Sukulu ya boma kapena yapulayiveti: chisankho cha ofuna ukatswiri wa mano ku America

Chaka chilichonse mwezi wa December, sukulu zophunzitsa madokotala a mano m'dziko la America zimayamba kudziwitsa ophunzira amene zawasankha. Ena mwa iwo amapeza malo pawiri: kusukulu ya boma ya m'chigawo chimene amakhala komanso kusukulu yapulayiveti ya dzina lalikulu. Digiri ya sukulu zonsezi, kaya ndi DDS kapena DMD, ili ndi mphamvu zofanana malinga sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe la Commission on Dental Accreditation. Mutu umaima kwa wophunzira amene akufuna kudzapitiriza maphunziro a ukatswiri, chifukwa malo ake ndi olimbirana, ndipo ambiri amakhulupirira kuti dzina la sukulu ndilo limatsegula khomo.

Njira yofikira pa ukatswiri

Munthu amayamba wapeza digiri yoyamba ya ku yunivesite ndi kulemba mayeso otchedwa DAT, kenako n'kuphunzira za mano kwa zaka zinayi. Ukatswiri umabwera pambuyo pa zonsezi. Dziko la America limavomereza nthambi 12 za ukatswiri wa mano. Zina mwa izo ndi orthodontics, yomwe ndi yowongola mano ndipo imatenga zaka ziwiri kapena zitatu. Endodontics, yochiza mkati mwa dzino ndi mizu yake. Periodontics, yoona za matenda a nkhama. Prosthodontics, ya mano oikirira. Komanso nthambi ya mano a ana. Yaitali kwambiri ndi ya maopaleshoni a m'kamwa, nsagwada ndi nkhope, yomwe imatenga zaka zinayi, kapena zisanu ndi chimodzi kwa ofuna kutengeranso digiri ya udokotala wa thupi lonse.

Osankha ophunzira m'nthambizi amayang'ana malikisi, nambala imene munthu wakhala m'kalasi, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi, kafukufuku amene anachita ndiponso mmene wayankhira mafunso pamaso pawo. Kale ankadaliranso malikisi a mayeso a dziko lonse, koma kuyambira mu 2012 mayesowa amangonena kuti munthu wakhoza kapena walephera, ndipo mayeso atsopano a INBDE, omwe anayamba mu 2020, amatsata dongosolo lomwelo. Pa chifukwachi, ofuna nthambi ya maopaleshoni amalemba mayeso ena a sayansi ya thupi otchedwa CBSE, pomwe sukulu zina zimapempha mayeso a ADAT.

Kusiyana kwa mtengo

Sukulu za boma zimalandira thandizo kuchokera ku misonkho ya chigawo chake, choncho okhala m'chigawomo amalipira fizi yotsika kusiyana ndi ochokera kwina. Zina zimasungira malo anthu akwawo: lamulo la ku Texas sililola kuti ochokera kunja kwa chigawo apitirire 10 pa ophunzira 100 aliwonse, ndipo East Carolina University imangolandira okhala ku North Carolina. Sukulu zambiri zapulayiveti sizisiyanitsa, aliyense amalipira mofanana. Pa zina mwa izo, monga New York University ndi University of Southern California, fizi, zipangizo, nyumba ndi chakudya zikaphatikizidwa zimatha kupitirira madola 500,000 pa zaka zinayi.

Malinga ndi bungwe la American Dental Education Association, omaliza maphunziro amene anakongola ndalama amatuluka ndi ngongole ya madola pafupifupi 300,000 aliyense tikatengera pakatikati, ndipo a m'sukulu zapulayiveti ndiwo amasenza yokulirapo.

Si onse amene ali ndi mwayi wosankha. Zigawo monga Alaska, Wyoming ndi Hawaii zilibe sukulu ya mano, pomwe sukulu zitatu za ku Massachusetts, zomwe ndi Harvard, Tufts ndi Boston University, zonse ndi zapulayiveti.

Chimene dzina la sukulu limagula

N'zoona kuti sukulu monga Harvard, Columbia ndi University of Pennsylvania zimatumiza ophunzira ambiri ku maphunziro a ukatswiri, ndipo pali zifukwa zenizeni. Ku Harvard ndi ku Columbia, ophunzira za mano amayamba maphunziro awo limodzi ndi ophunzira udokotala wa thupi lonse, zomwe zimawakonzekeretsa bwino mayeso a CBSE. Sukulu ziwirizi siziika ophunzira pa mndandanda wa manambala, kotero palibe amene amaoneka kuti anali kumchira kwa kalasi. Ndalama za kafukufuku ziliponso, ndipo aphunzitsi ake amadziwika ndi osankha ophunzira.

Komabe chiwerengero cha opita ku ukatswiri chimatha kunamiza. Ambiri olowa m'sukulu zimenezi amakhala kuti anali kale okhoza kwambiri ndipo anabwera ndi cholinga chomwecho, choncho n'kovuta kusiyanitsa ntchito ya sukulu ndi khama la mwini wake. Chachiwiri, ubwino umenewu suli m'sukulu zapulayiveti zonse: zambiri ndi zokwera mtengo koma zilibe mbiri yapadera pa nkhaniyi. Chachitatu, sukulu zina za boma zili ndi ubwino womwewo. University of Connecticut imaphunzitsa ophunzira za mano limodzi ndi a udokotala, ndipo UCLA ndi UCSF za ku California ndi zotchuka pa kafukufuku.

Kusukulu yoika manambala, ofuna nthambi zolimbirana monga orthodontics amayenera kukhala pakati pa otsogola m'kalasi kwa zaka zonse. Imeneyi ndi ntchito yakalavulagaga, koma amene waikwanitsa amakhala ndi umboni woonekeratu umene mnzake wa kusukulu yopanda manambala alibe.

Chiwongoladzanja sichidikira

Walira mvula walira matope: wosankha sukulu yodula wasankhanso ngongole yake. Ngongole za boma la America kwa ophunzira a digiri zapamwamba zimayamba kubala chiwongoladzanja munthu akadali m'kalasi. M'chaka cha maphunziro cha 2024/25 chinali pakati pa 8 ndi 9 pa 100 aliwonse. Mwachitsanzo, ngati sukulu ziwiri zasiyana ndi madola 200,000, kusiyanako kokha kumabala madola pafupifupi 16,000 pa chaka, kapena 48,000 pa zaka zitatu za orthodontics.

Apa mpamene wofuna ukatswiri amapwetekera kawiri. Ophunzira maopaleshoni ndi ena ophunzirira m'zipatala amalandira kamalipiro, koma maphunziro ambiri a orthodontics, endodontics, periodontics ndi prosthodontics amafuna fizi ina pamwamba pa ngongole yakale. Wofika pamenepa atalemedwa kale amatha kusiya maloto ake kuti akayambe ntchito msanga.

Lamulo limene linasainidwa pa 4 July 2025 lawonjezera kulemera kwa nkhaniyi. Kuyambira pa 1 July 2026, ongoyamba kukongola sangapezenso ngongole ya Grad PLUS, yomwe inkakwaniritsa mtengo wonse wa sukulu, ndipo ophunzira za mano angakongole ku boma madola osapitirira 50,000 pa chaka ndi 200,000 onse pamodzi. Zotsalazo ziyenera kuchokera kubanja kapena kumabanki, amene malamulo awo obwezera ndi okhwima.

Poyeza mbali ziwirizi

Madokotala a mano pafupifupi anayi mwa asanu aliwonse ku America si akatswiri a nthambi ina iliyonse, ndipo ophunzira ambiri amasintha maganizo akayamba kugwira odwala. Amene walephera kupeza malo ulendo woyamba amatha kuchita chaka chimodzi cha maphunziro owonjezera otchedwa GPR kapena AEGD, n'kuyesanso. Ngongole yokha ndiyo sisintha maganizo.

Sukulu yapulayiveti imakhala yanzeru kwa amene wapatsidwa thandizo lalikulu la fizi, amene asilikali a dzikolo akumulipirira kudzera mu ndondomeko ya HPSP posinthana ndi zaka zowagwirira ntchito, kapena amene chigawo chake chilibe sukulu yotsika mtengo. Imathanso kuyenera munthu wotsimikiza za maopaleshoni ngati mitengo sinasiyane kwambiri. Koma pamene kusiyana kwafika madola 100,000 kapena kuposa, ndipo sukulu ya boma ili ndi dipatimenti ya nthambi imene wophunzira akufuna, kulemera kumapendekera ku sukulu ya boma.

Ana a Amalawi okhala ku America amene ali nzika kapena ali ndi chilolezo chokhazikika amayenda njira yomweyi. Kwa wochokera kuno kumudzi pa chiphaso cha wophunzira, nkhani ndi ina: sangakongole ku boma la America, ndipo kawirikawiri sawerengedwa ngati wokhala m'chigawo, choncho fizi yotsika ija simufika. Madokotala a mano ophunzira kunja kwa America ndi Canada, kuphatikizapo otuluka ku Kamuzu University of Health Sciences, m'zigawo zambiri amayenera kuphunziranso zaka ziwiri kapena zitatu pasukulu yovomerezeka asanapatsidwe chiphaso chogwirira ntchito.