Mwayi wa Khungu Loyera: Ganizo Lomwe Silinayambe mu 2020

Anthu ambiri amakhulupirira kuti nkhani ya mwayi wa azungu, kutanthauza zabwino zimene munthu amapeza chifukwa cha khungu loyera popanda kuzikhetsera thukuta, inayambira pa masamba a mchezo mu 2020, koma zolembedwa zikusonyeza kuti ganizoli ndi lakale. Mu 1935 katswiri wachikuda wa ku America, W. E. B. Du Bois, anafotokoza m'buku lake la Black Reconstruction in America kuti azungu osauka, ngakhale ankalandira malipiro ochepa, ankapatsidwa ulemu kukhoti komanso sukulu zabwinoko, ndipo ulemu umenewu ndiwo unkawalepheretsa kugwirana manja ndi antchito anzawo akuda. Cha m'ma 1970 ku South Africa, Steve Biko anawonjezera kuti mzungu wofuna kuthandiza asalimbirane utsogoleri wa anthu akuda, koma akalimbane ndi tsankho pakati pa azungu anzake.

Mu 1988 Peggy McIntosh wa ku Wellesley College anandandalika zinthu 46 zimene iye monga mzungu ankazipeza mosavuta, monga kugula katundu m'sitolo osalondoledwa ngati wakuba, kapena kupeza pulasitala womata pabala wofanana ndi khungu lake. Mndandandawu unatsegula maso a ambiri, komabe m'kupita kwa nthawi ouphunzitsa ena anachotsa nkhaniyi pa malipiro ndi nyumba n'kuisandutsa mwambo woulula zamumtima.

Kufooka kumeneku kunaonekera poyera pambuyo pa 25 Meyi 2020, pamene bambo wina wachikuda anafa mumzinda wa Minneapolis atapanikizidwa pakhosi ndi bondo kwa mphindi zoposa 9, mtsikana wa zaka 17 akujambula pafoni. Azungu ankhaninkhani analowa nawo zionetsero zotsutsa imfayi, mabuku onena za tsankho anagulidwa ngati zitumbuwa, ndipo pa 2 Juni anthu mamiliyoni anaika chithunzi chakuda bii pa Instagram. N'zomvetsa chisoni kuti zithunzi zimenezi zinakwirira mauthenga amene okonza zionetsero ankatumizirana, chifukwa ambiri anathamangira kuoneka okhudzidwa asanafunse zomwe eni vuto ankafuna.

Muzu wa vutoli sunakhudzidwe kwenikweni. Kuyambira m'ma 1930 madera okhala anthu akuda ku America ankazunguliridwa ndi mzere wofiira pa mapu ndipo ankamanidwa ngongole zogulira nyumba, mchitidwe umene unaletsedwa ndi lamulo mu 1968, pamene mabanja achizungu anali atasonkhanitsa kale chuma chosiyira ana awo. Kafukufuku wa banki yaikulu ya dzikolo anapeza kuti mu 2019 banja lachizungu lapakatikati linali ndi chuma choposa cha banja lachikuda pafupifupi kasanu n'katatu, ndipo mu 2022 kusiyanaku kunali kudakali koposa kasanu n'kamodzi.