Kutumizirana Zikalata za Milandu ya Chisamaliro cha Ana pa Kompyuta: Njira ya ku America

Bwalo la milandu likagamula kuti kholo lizipereka ndalama zolerera mwana, chigamulocho sichiyenera kutha mphamvu chifukwa choti kholo lasamukira kutali. Dziko la America lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi makhoti ndi malamulo ake. Bambo amene wagamulidwa ku Texas akhoza kukapeza ntchito ku Ohio, ndipo ofesi ya kumeneko siingamutsatire bwino popanda zikalata za mlanduwo. Zikalata zikachedwa pa njira, amene amavutika ndi mwana.

Chiyambi chake

M'chaka cha 1975, nyumba ya malamulo ya dzikolo inawonjezera gawo la IV-D ku lamulo la Social Security Act. Gawoli linalamula chigawo chilichonse kukhala ndi ofesi yofufuza makolo amene asowa, kutsimikizira bambo wa mwana ndi kutolera ndalama zachisamaliro. Mu 1996 padadza lamulo lina lokakamiza zigawo zonse kuvomereza lamulo limodzi lotchedwa UIFSA pofika mu 1998. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti pa nthawi imodzi pazikhala chigamulo chimodzi chokha chogwira ntchito, chimene zigawo zina zonse ziyenera kuchilemekeza. Lamulo la 1996 lomwelo linati olemba anthu ntchito azipereka ku boma dzina la wantchito aliyense watsopano pasanathe masiku 20, kuti kholo lothawa udindo lipezeke msanga.

Mmene zikalata zimayendera

Kale zikalata zinkapita pa positi kapena pa fakisi. Zina zinkasochera, zina zinkafika zosawerengeka. Tsopano ofesi ya boma lalikulu yoona za chisamaliro cha ana, yomwe ili pansi pa unduna wa zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu, imayendetsa njira yotchedwa Electronic Document Exchange.

Wogwira ntchito amene akusowa chikalata amalowa pa tsamba lotetezedwa la pa intaneti, nalemba pempho lotchula mlandu ndi chikalata chimene akufuna. Mnzake wa chigawo china amaona pempholo, najambula chikalatacho ndi makina n'kuchiika pa tsambalo. Ofesi ikhozanso kutumiza chikalata chisanapemphedwe ngati yaona kuti chidzafunika. Zikalata zimene zimayenda kawirikawiri ndi izi:

- chigamulo cha khoti chonena ndalama zoyenera kuperekedwa;
- chiphaso cha kubadwa kwa mwana;
- kalata imene bambo anasaina povomera kuti mwanayo ndi wake;
- zotsatira za kuyeza kwa DNA;
- ndondomeko ya ndalama zimene zaperekedwa ndi ngongole yotsala.

Malamulo amati ofesi yolandira milandu yochokera ku chigawo china iunike zikalata ndi kuyankha kuti yazilandira pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Lamulo la UIFSA limanenanso kuti khoti lisakane umboni pa chifukwa chokhacho choti wafika kudzera pa makina.

Chitetezo cha zinsinsi

Zikalatazi zili ndi nambala za ziphaso, malipiro, malo okhala ndi mayina a ana. Pa chifukwa ichi sizitumizidwa ngati uthenga wamba wa pa foni. Olowa pa tsambali ndi ogwira ntchito olembetsedwa okha, aliyense ndi dzina komanso mawu achinsinsi ake, ndipo uthenga umabisidwa pa njira kuti wouba asathe kuuwerenga. Wogwira ntchito saloledwa kufufuza za munthu pa zifukwa zake, ngakhale atakhala m'bale wake.

Chiopsezo chachikulu chili pa kholo limene linathawa nkhanza za m'banja. Ngati womuzunza atadziwa kumene akukhala kudzera m'zikalata za mlandu, moyo wake ndi wa mwana ungakhale pa ngozi. Choncho mlandu wotere umaikidwa chizindikiro chapadera m'kaundula wa boma lalikulu, ndipo khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti malo amene kholo ndi mwana akukhala asaululidwe.

Pakati pa mayiko

Milandu yodutsa malire a mayiko imatsatira pangano la ku Hague la pa 23 Novembala 2007, limene linayamba kugwira ntchito ku America pa 1 Januwale 2017. Pofuna kuthandiza mayiko a m'panganoli kutumizirana mapempho mosamala, panakonzedwa makina otchedwa iSupport.

Zimene malamulo a Malawi amanena

Kuno kwathu, lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limapereka kwa makolo udindo wosamalira mwana, ndipo khoti likhoza kugamula ndalama zoti ziziperekedwa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza zikalata za pa kompyuta, pomwe la Data Protection Act la 2024 limateteza uthenga wokhudza munthu payekha.

Makolo amene ali ndi mlandu wotere akulangizidwa kusunga bwino chigamulo cha khoti, chiphaso cha kubadwa kwa mwana ndi umboni wa ndalama iliyonse imene apereka kapena kulandira, kuphatikizapo mauthenga a ndalama zotumizidwa pa foni. Zithunzi za zikalatazi zisatumizidwe m'magulu a WhatsApp kapena pa Facebook. Ziperekedwe ku khoti kapena ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu.