Mafupa a ku Mwenilondo ndi Ophunzira Osafunsa

Safunsa adadya phula, adatero makolo. Mwambiwu sunena mbuli zokha ayi. Umakhudzanso anthu a masatifiketi.

Nthaka ya ku Karonga idasunga mafupa amakedzana amene adasanduka miyala. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa miyala, Frank Dixey, adatola mafupa a chinyama chachikulu ku Mwakasyunguti. Mu 1993, Louis Jacobs ndi anzake adachitcha dzina loti Malawisaurus, ndipo chifanizo cha mafupa ake chidaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004. Mu 1991, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza nsagwada ya munthu wamakedzana ku Uraha, ndipo pambuyo pake chibenthu cha dzino la munthu wotereyu chidapezeka ku Mwenilondo.

Apa mpamene ophunzira ambiri amaterereka. Poti zonsezi zidafukulidwa m'boma limodzi, ena, ngakhale aphunzitsi ndi olemba nkhani, amaziphatikiza nkumakamba ngati kuti makolowo ankasaka chinyamacho ndi mikondo. Chonsecho awiriwa sadaonanepo. Chinyamacho chidakhalako zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo, ndipo mtundu wonse wa zinyama zotere udatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Nsagwadayo ndi ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni basi.

Vuto lagona pa mawu oti miliyoni, amene pakamwa amapepuka koma m'mutu salowa. Munthu atamawerenga chaka chimodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, angafike pa nsagwadayo pakutha pa milungu inayi. Kuti afike pa chinyamacho, angawerenge zaka zitatu zathunthu ndi miyezi iwiri. Akatswiri saombeza zaka zimenezi: amaona mmene nthaka idasanjikizirana, nkufanizira mafupa a nyama zopezeka pamodzi ndi nsagwadayo, makamaka nguluwe zamakedzana, ndi a kumaiko ena kumene msinkhu wa phulusa la mapiri ophulika udapimidwa.

Wolemba nkhani akasokoneza, mphunzitsi amabwereza, ndipo mwana wa ku Mwenilondo amakula osadziwa chuma chimene amaponda popita kubusa. Fupa limene akadalisiya pamalo nkukauza akatswiri amaligenda mbalame, mbiri ya zaka mamiliyoni nkutayika tsiku limodzi.

Kuphunzira sikutha ndi satifiketi. Mdzukulu akamva nkhani ya sayansi pawailesi, azifunsa mafunso atatu: adapeza ndani, liti, ndipo adadziwa bwanji? Pajatu kufunsa ndi kudziwa njira.