Chipikisheni cha mfuti pa milandu yopanda chiwawa

Chipikisheni cha mfuti ndi mchitidwe woti apolisi, asilikali kapena ogwira ntchito m'nthambi zina za boma atulukire pakhomo pa munthu, pa ofesi kapena pamalo a malonda zida zili m'manja, kudzafufuza, kulanda katundu kapena kunjata mwini malowo. Ngati amene akusakidwayo ndi mbava ya mfuti, palibe amadandaula. Mkangano umabuka mlandu ukakhala wa mapepala, wa ndalama kapena wa mawu, monga katangale, kuzemba msonkho, kulemba zoipitsa mbiri ya wina pa intaneti, kapena kucheka matabwa popanda chilolezo. Pamilandu yotere woganiziridwayo sadaopseze moyo wa munthu, ndipo nthawi zambiri kwawo n'kodziwika. Funso limene akadaulo a malamulo, atolankhani ndi anthu wamba amafunsa ndi lakuti mfutiyo yabwera kudzateteza yani.

Kumene mantha adachokera

Amalawi ali ndi chifukwa choopera kugogoda kwa usiku. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti Nyasaland ili pangozi, ndipo m'bandakucha wa tsikulo magulu a zida adazinga nyumba za atsogoleri a Nyasaland African Congress. Dr Hastings Kamuzu Banda adamutenga kunyumba kwake ku Limbe n'kukamutsekera ku Gwelo, kumene lero ndi Gweru m'dziko la Zimbabwe. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Komiti ya woweruza Patrick Devlin, imene idafufuza za nthawiyo, idadzudzula nkhanza zimene zidachitika pomanga anthu.

Ufulu utabwera mu 1964, njirayo siidafe. Nthambi yachinsinsi ya polisi ndi a Malawi Young Pioneers ankatenga anthu usiku, ndipo lamulo la 1966 lolanda katundu linkapatsa boma mphamvu zotenga chuma cha munthu popanda khoti. A Payoniya adalandidwa zida ndi asilikali mu Disembala 1993, pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani. Olemba Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 adali atangotuluka m'moyo umenewu, ndipo zikuoneka m'zimene adalemba.

Zimene malamulo akunena

Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza munthu kuti asamangofufuzidwa m'thupi, m'nyumba kapena pa katundu wake, kuti katundu wake asamangolandidwa, ndi kuti makalata ndi mafoni ake asamalowereredwe. Gawo 19 limati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa. Gawo 42 limapatsa womangidwa ufulu wouzidwa chifukwa chomumangira, woonana ndi loya, ndi wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48. Ufulu wa pa Gawo 21 ukhoza kuchepetsedwa, koma Gawo 44 limafuna kuti kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, kwanzeru, ndiponso kofunikadi m'dziko la demokalase.

Lamulo la kazengedwe ka milandu limapatsa boma njira ziwiri zofikitsira munthu kukhoti. Ina ndi chisamani, kalata yomuitana kuti akaonekere yekha tsiku lakuti. Ina ndi waranti yomumanga. Kufufuza m'nyumba nako kumafuna waranti ya majisitireti, kupatula pamene lamulo lalola kuchita mwachangu, ndipo pomanga munthu saloledwa kugwiritsa mphamvu yoposa imene ikufunika. Chovuta n'chakuti waranti imanena malo ndi chinthu chofunidwa, koma chiwerengero cha apolisi opita, zida zimene anyamule ndi mmene afikire pakhomopo zimasiyidwa m'manja mwa wotsogolera ntchitoyo. Mkangano wonse umakhala pa mpata umenewu.

Malawi alibe maboma a zigawo okhala ndi apolisi awoawo ngati United States. Mabungwe ofufuza onse ndi a boma limodzi: polisi ndi nthambi yake yoona milandu ya zachuma, bungwe lothana ndi katangale la ACB lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, bungwe lotolera misonkho la MRA limene lidayamba ntchito mu 2000, ndi Nthambi ya Zankhalango. Mabungwe ngati ACB ndi MRA akafuna chitetezo pa ntchito yawo amaperekezedwa ndi apolisi.

Milandu imene idautsa mkangano

Mu Januwale 2017 a MRA, ali ndi apolisi a mfuti, adatseka maofesi a Times Group ku Blantyre ponena kuti kampaniyo ili ndi ngongole ya msonkho. Nthawi imeneyo nyuzipepala za kampaniyo zinkalemba kwambiri za kagulidwe ka chimanga ku Zambia, choncho ambiri adaona kutsekako ngati kuopseza atolankhani, pamene MRA idati ikungotolera zake. Mwezi wotsatira a ACB adafufuza m'nyumba ya nduna ya zaulimi George Chaponda, phungu wochokera m'boma la Mulanje, n'kupezamo ndalama zambiri zamakwacha ndi zakunja. Adachotsedwa unduna, koma mu 2018 khoti lidamupeza wosalakwa. Nkhani ziwirizi zidachitika motsatizana pa chimanga chomwecho, ndipo anthu ambiri amene adakwiya ndi yoyamba adaombera m'manja yachiwiri. Ichi ndi chizolowezi choipa cha mkanganowu: munthu amaweruza chipikisheni poyang'ana amene chamugwera.

Mu Epulo 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism ku Blantyre, n'kumulanda foni ndi makompyuta, pofuna kudziwa amene adamupatsa chikalata china cha boma.

Nkhani imene idagwedeza dziko ndi ya pa 6 Disembala 2022. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, apolisi a mfuti adazinga nyumba ya mkulu wa ACB, Martha Chizuma, ku Lilongwe, n'kumutengera kupolisi ya Namitete, kunja kwa mzindawo. Mlandu wake udali wa mawu amene adalankhula pafoni, omwe adajambulidwa mobisa n'kufalikira mu Januwale chaka chomwecho. Wodandaula adali Steven Kayuni, mkulu wozenga milandu ya boma. Chizuma ofesi yake idali yodziwika, ndipo umboni wonse udali kale m'mafoni a anthu m'dziko lonse. Padalibe chobisa, padalibe kothawira. Adatulutsidwa tsiku lomwelo aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi akazembe a mayiko ena atadzudzula. Pulezidenti Lazarus Chakwera adakhazikitsa komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi woweruza wopuma Edward Twea, ndipo lipoti litatuluka mu Januwale 2023 Kayuni adachotsedwa ntchito. Milandu imene Chizuma adatsegulidwa idathetsedwa. Mu 2025 khoti loona za Malamulo Oyendetsera Dziko lidagamula, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, kuti gawo la malamulo lopanga kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wa kupolisi n'losemphana ndi ufulu wolankhula.

Chambe: pamene nkhaniyi imavuta

Amene amamva za chipikisheni pa wailesi yokha amaganiza kuti ndi nkhani ya akuluakulu a m'tauni. Anthu a m'midzi ya m'munsi mwa nsonga ya Chambe, kumadzulo kwa phiri la Mulanje, amachidziwa mwanjira ina.

Phirili lidaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Ndiko kokha padziko lapansi kumene mkungudza wa Mulanje umamera mwachilengedwe, ndipo mtengowu udalengezedwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi mu 1984. Matabwa ake ndi onunkhira, sadyedwa ndi chiswe, saola msanga, choncho mtengo wake pamsika ndi wokwera. M'chigwa cha pamwamba pa Chambe atsamunda adadzalamo paini, ndipo kwa zaka zambiri matabwa ankatsika ndi chingwe kupita cha ku Likhubula. Mabanja ambiri a kuderali adakulira pa macheka ndi kusenza matabwa pamutu kutsika njira zotsetsereka za phirilo. Malo olima ndi ochepa, chifukwa Mulanje ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri ndipo minda ya tiyi idatenga nthaka yaikulu. Kucheka kosaloledwa kudakula mpaka kalembera wa 2017 adapeza mitengo yaikulu ya mkungudza isanu ndi iwiri yokha paphiri lonse.

Boma lidayankha ndi mfuti. Kuyambira mu 2015 asilikali a Malawi Defence Force adayamba kutumizidwa m'nkhalango, poyamba ku Dzalanyama, kenako ku Chikangawa ndi kuphiri la Mulanje. Mu 2020 Lamulo la Zankhalango la 1997 lidakonzedwanso: zilango zidakwera, galimoto zonyamula makala ndi matabwa osaloledwa zikhoza kulandidwa, ndipo ogwira ntchito zankhalango adaloledwa kunyamula mfuti.

Kodi kucheka mtengo ndi mlandu wachiwawa? Pa pepala ayi. Koma amene amalondera nkhalango ali ndi yankho lomveka. Ocheka amayenda m'magulu, ali ndi zikwanje ndi nkhwangwa, kumtunda kumene thandizo silingafike msanga, ndipo alonda akhala akuvulazidwa. Mlonda wokwera Chambe chimanjamanja kukakumana ndi anthu khumi a zikwanje akuika moyo wake pachiswe. Pano mfuti ili ndi chifukwa chimene idalibe pakhomo pa Chizuma.

Komabe chifukwa chimenecho chimathera kumtunda. Gulu la zida likatsikira m'mudzi kukasaka matabwa m'nyumba za anthu, kapena likaimitsa mayi wosenza mtolo wa nkhuni, ngozi ija palibe, ndipo Gawo 21 limagwira ntchito pa nyumba yaudzu monga pa nyumba ya nduna. Madandaulo a kumenyedwa ndi kulandidwa katundu adamveka m'madera angapo kumene asilikali adatumizidwa. Msilikali adaphunzitsidwa kulimbana ndi mdani, osati kusonkhanitsa umboni wopita nawo kwa majisitireti. Chinanso n'chakuti wosenza thabwa ndiye wotsiriza pa mzere wa malondawa. Pamwamba pake pali wogula, mwini lole, ndi amene adadinda chilolezo kapena kutsegula chipata cha pamsewu. Milandu ya anthu amenewa ili m'malisiti, m'mafoni ndi m'mabuku a kubanki, ndipo imafuna wofufuza wodekha. Mfuti idakwera phiri, koma mkungudza udatha ndithu. Zimene zikupatsa chiyembekezo lero ndi nazale za m'midzi zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Nthambi ya Zankhalango akhala akuthandiza, kumene anthu a m'munsi mwa phiri amafesa mbande zokadzalanso. Mu Julaye 2025 UNESCO idaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Kunja kwa Malawi

Ku United States mkangano womwewu udabuka pa nkhani ya matabwa. Mu 2009 ndiponso mu Ogasiti 2011 ogwira ntchito zaboma a mfuti adalowa m'mafakitale a kampani yopanga magitala ya Gibson m'chigawo cha Tennessee, pofufuza mitengo yochokera ku Madagascar ndi ku India. Antchito adatulutsidwa, matabwa adalandidwa. Nkhaniyo idatha mu 2012 kampaniyo itavomera kulipira chindapusa cha madola 300,000, popanda womangidwa, ndipo aphungu ena a kumeneko adafunsa ngati zida zidali zofunika pa mlandu umene udatha ndi siginecha. Imfa ya Breonna Taylor mu Malichi 2020, amene apolisi adamuwombera m'nyumba mwake ku Louisville atathyola chitseko usiku, idaonetsa ngozi ina: munthu wodzidzimutsidwa kutulo sadziwa ngati olowawo ndi apolisi kapena akuba.

Mfundo za United Nations za 1990 zokhudza kugwiritsa ntchito mphamvu ndi mfuti zimati wapolisi ayambe wayesa njira zopanda chiwawa, ndipo mfuti ikhale yotetezera moyo. Ndondomeko za Luanda za 2014, za bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, zimati pa milandu ing'onoing'ono pafunidwe njira zina m'malo momanga munthu.

Mfundo za mbali ziwiri

Oikira kumbuyo chipikisheni amati kudzidzimutsa kumateteza umboni, poti foni imafufutidwa m'kamphindi ndipo ndalama zimasamuka usiku umodzi. Amatinso wapolisi sadziwa chili kuseri kwa chitseko, ndipo anthu otchuka amatha kuitana owatsatira kudzatchinga. Mfundo yoyambayo ndi yoona, koma ikunena za kufika mosayembekezeka, osati za kuchuluka kwa mfuti. Ofufuza anayi ofika masana ndi waranti amapeza foni yomweyo.

Otsutsa amati chipikisheni chimalanga munthu khoti lisanamve mlandu wake. Ana amene adaona bambo awo akutulutsidwa ndi mfuti saiwala, ngakhale khoti lidzanene kuti adalibe mlandu. Amaonjeza kuti boma lililonse limatha kugwiritsa njirayi pa otsutsana nalo, ndipo mbiri ya Malawi kuyambira 1959 ikuwavomereza. Makhoti nawo ayamba kuyang'anitsitsa. Mu 2022 Khoti Lalikulu ku Zomba, pamaso pa woweruza Zione Ntaba, lidagamula pa mlandu wochokera ku Kasungu kuti mchitidwe wa apolisi wosesa anthu mwachisawawa usiku ndi wosemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko.

Kodandaula

Lamulo la Polisi la 2010 lidakhazikitsa Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, koma padatha zaka pafupifupi khumi lisanayambe ntchito. Mphamvu zake zili pa apolisi. Wozunzidwa ndi msilikali kapena mlonda wa nkhalango akhoza kupita ku Malawi Human Rights Commission, ku ofesi ya Ombudsman, kapena kukasuma kukhoti kuti apatsidwe chipukutamisozi. Kwa munthu wa ku Chambe, kusuma boma pa nkhani ya ufulu wake kumatanthauza kupeza loya ndi ulendo wa ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, ndipo amene alibe ndalama amadalira Legal Aid Bureau, imene maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene amalandira.