Khansa ya m'mawere: msinkhu umene imapezekera ndi mmene odwala amaizindikirira

Khansa ya m'mawere ndi nthenda imene imayamba maselo a m'bere akamachulukana mopanda dongosolo, kawirikawiri m'timitsempha todutsa mkaka kapena m'timatumba topanga mkakawo. Pa khansa zonse zogwira amayi padziko lapansi, imeneyi ndiyo yofala kwambiri. Bungwe la WHO likuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka nayo, ndipo 670,000 anamwalira. Abambo nawonso amadwala, koma pa odwala 100 aliwonse mwamuna amakhala mmodzi, mwinanso osapezeka n'komwe. Ku Malawi ndi ku Zambia khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ili patsogolo pakati pa amayi, ndipo ya m'mawere ili m'gulu la zoitsatira pafupi.

Zinthu ziwiri zimene zimakweza chiopsezo kuposa zina zonse ndi kukhala mkazi ndi kukula. Pafupifupi theka la amayi opezeka ndi nthendayi sakhala ndi chifukwa china chooneka kupatula ziwirizi.

Msinkhu wa odwala

Ku America msinkhu wapakati wa mayi wopezeka ndi khansayi ndi zaka zopitirira pang'ono 60, kutanthauza kuti theka la odwala amakhala asanafike pamenepo ndipo theka lina atapitirirapo. Osakwana zaka 40 ndi ochepa, pafupifupi 4 kapena 5 pa 100 aliwonse. Ku Britain odwala 8 pa 10 aliwonse ndi azaka 50 kupita m'tsogolo. N'chifukwa chake m'mayiko amenewo nthendayi imatengedwa ngati ya amayi amene anasiya kusamba.

Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara zinthu n'zosiyana. Odwala ambiri amakhala azaka za m'ma 40 ndi kumayambiriro kwa m'ma 50, ndiye kuti zaka 10 kapena kuposerapo kutsikira pansi poyerekeza ndi ku Ulaya. Kafukufuku amene wachitika pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe anapeza kuti msinkhu wapakati wa odwala ndi wosakwana zaka 50. Mayi wa msinkhu umenewu amakhala akulipirabe ana fizi, akulima, akuchita geni, mwinanso ali ndi khanda kumsana.

Ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti thupi la mayi wa ku Africa limagwidwa msanga ndi khansa. Chifukwa chachikulu si chimenecho ayi, koma kuchepa kwa okalamba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Malawi inali ndi anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Dziko limene amayi azaka 65 ndi 70 ndi ochepa silingakhale ndi odwala ambiri a msinkhu umenewo, choncho msinkhu wapakati umatsika wokha. Akatswiri akawerengera msinkhu ndi msinkhu amapeza kuti mayi wazaka 40 wa kuno sali pachiopsezo choposa mnzake wa ku London. Chosiyana chachikulu chili mwa akuluakulu: khansa yobwera mayi atasiya kusamba ndi yocheperako kuno, makamaka chifukwa amayi a mibadwo imeneyo anabereka msanga, anabereka ana ambiri ndipo anayamwitsa nthawi yaitali, zinthu zimene zimateteza. Pamene mabanja akuchepa ana, anthu akunenepa ndipo akukhalitsa ndi moyo, odwala achikulire akuyembekezeka kuchuluka.

Komabe kudwala uli wamng'ono kuli ndi zovuta zakezake. Zotupa za amayi achichepere nthawi zambiri zimakula msanga. Mtundu umene madokotala amautcha triple-negative, umene sumva mankhwala oletsa mahomoni monga tamoxifen, umapezeka kwambiri mwa achichepere ndiponso mwa amayi akuda. Khansa yotengera kumtundu imayambanso msanga. Pafupifupi 5 mpaka 10 pa odwala 100 aliwonse amabadwa ndi majini olakwika, makamaka BRCA1 ndi BRCA2, amene anapezeka mu 1994 ndi 1995. Majini amenewa munthu angawatengere kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Pofunsa mbiri ya banja, azakhali ndi agogo a kwa bambo ndi ofunika chimodzimodzi ndi a kwa mayi, mfundo imene imaiwalika mosavuta m'madera a chikamwini kumene mtundu umawerengedwa kuchikazi.

Makina ndi dzanja

M'mayiko olemera amayi ambiri amauzidwa kuti ali ndi khansa asanamve chilichonse m'thupi. Makina ojambula bere, otchedwa mammogram, amaona chotupa chisanafike pogwirika. Ku England amayi amaitanidwa kukajambulidwa zaka zitatu zilizonse kuyambira ali ndi zaka 50 mpaka pafupi ndi 71. Ku America komiti yolangiza za kapewedwe ka matenda inatsitsa msinkhu woyambira mu 2024, ndipo tsopano ikulimbikitsa kujambulidwa zaka ziwiri zilizonse kuyambira zaka 40 mpaka 74. Odwala opezeka mwa njira imeneyi amasimba za kudzidzimuka: anapita ali bwinobwino, kenaka kalata kapena foni inawaitananso.

Makinawa sathandiza kwenikweni amayi achichepere. Bere la mayi amene akusambabe limakhala ndi mnofu wothithikana umene pachithunzi umaoneka woyera, ndipo chotupa nachonso chimaoneka choyera. Motero ngakhale ku Ulaya mayi wazaka 35 nthawi zambiri amadzipezera yekha chotupa, ndipo kuchipatala amayamba ndi sikani.

Ku Malawi, ku Zambia ndi m'mayiko ambiri oyandikana nawo kulibe ndondomeko yoitana amayi onse kukajambulidwa, ndipo makina alipo m'zipatala zochepa za m'mizinda. Pafupifupi wodwala aliyense amazindikira nthendayi ndi dzanja lake: posamba, povala, poyamwitsa, kapena mwamuna wake ndi amene amayamba kuona. Chizindikiro chofala ndi chotupa cholimba m'bere, chimene nthawi zambiri sichipweteka. Zina ndi mwanabere kukhwapa, nsonga ya bere kulowa m'kati kapena kutuluka magazi, bere limodzi kusintha kukula, khungu kukhala ndi timaenje ngati khoko la lalanje, ndi bala losapola. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, makamaka mwa atsikana, koma dzanja palokha silingasiyanitse.

Kusapwetekako n'kumene kumanyenga. Munthu amapita kuchipatala akamva ululu, ndipo mayi amene ali ndi munda wofuna kupalira sangataye tsiku ndi ndalama ya thiransipoti chifukwa cha kanthu kosawawa. Amayi amene ofufuza acheza nawo amatchula zifukwa zofanana: ankaganiza kuti ndi chithupsa, kapena mkaka wogwirana, kapena kuti chidzatha chokha. Ena anayamba ndi mapemphero, ena anakatemera mphini poganiza kuti analodzedwa. Pali chikhulupiriro chofala chakuti kusunga ndalama kapena foni m'kamisolo kumayambitsa khansa, ndipo mayi amene sachita zimenezi amadziona wotetezeka. Palibe umboni wa sayansi wotsimikiza zimenezo. Kuopa kudulidwa bere, ndi kuopa kuti banja lidzatha, kumachititsanso ena kubisa.

Kuchedwa kwa kuchipatala

N'zosavuta kuloza chala odwala, koma umboni ukusonyeza kuti nthawi yambiri imatayika mayi atafika kale kwa azaumoyo. Kafukufuku wa ABC-DO, wotsogoleredwa ndi bungwe la IARC, anatsatira amayi oposa 2,000 a ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia amene anapezeka ndi khansayi pakati pa 2014 ndi 2017. Ku Zambia nthawi yochokera pamene mayi anaona chizindikiro kufika pamene anauzidwa dzina la matenda inali pafupifupi miyezi 8, ku Uganda miyezi 11, ndipo m'mayiko ambiriwo gawo lalikulu la nthawiyo linadutsa mayi ataonana kale ndi wachipatala.

Apa ndi pamene msinkhu umasanduka msampha. Mayi wazaka 32 akafika pachipatala chaching'ono ndi chotupa, mawu amene amamva kawirikawiri ndi akuti, «Ndinu wamng'ono, si khansa imeneyi.» Amapatsidwa panado ndi mankhwala opha tizilombo n'kubwerera. Ngati ali woyembekezera kapena woyamwitsa, chotupacho chimatengedwa ngati kutupa kwa bere kobwera ndi mkaka, pamene m'zaka zoyamba mayi atabereka chiopsezo chimakwera pang'ono chisanadzatsike. Wachipatalayo sakhala akunama pa chiwerengero, popeza zotupa zambiri za msinkhu umenewo zilibedi vuto. Cholakwika ndi kusamuuza mayi kuti abwerenso pakatha milungu iwiri ngati chotupa sichinathe, ndi kusamutumiza patsogolo akabwera kachiwiri ndi kachitatu. Kabuku ka kuchipatala ka odwala ambiri kamasonyeza ulendo umenewu tsamba ndi tsamba.

Khansa imatsimikizika pokhapokha atadula kachidutswa ka chotupa n'kukapima ku labotale. Ku Malawi ntchitoyi imadalira zipatala zikuluzikulu, ndipo madokotala opima mnofu ndi owerengeka. Labotale ya pa Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project. Isanatsegulidwe, zidutswa za m'chigawo chapakati zinkadikira kupimidwa ku Blantyre. Wodwala wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amayenda maulendo angapo, uliwonse wofuna ndalama ndi womuperekeza.

Zotsatira zake n'zoopsa. Kafukufuku wa 2016 wophatikiza mayiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara anapeza kuti amayi akuda 77 pa 100 aliwonse amapezeka khansa ili pa gawo lachitatu kapena lachinayi, itakula kale kapena itafalikira. Mu ABC-DO theka lokha la odwala linali ndi moyo patatha zaka zitatu. Ku Namibia, m'dziko limodzi lomwelo, azungu 90 pa 100 anali moyo pamene akuda anali 56. Ku Zambia ndi ku Uganda sanakwane theka.

Zimene zikuyesedwa

Mu 2021 WHO inakhazikitsa ndondomeko yofuna kutsitsa imfa za khansayi ndi 2.5 peresenti chaka chilichonse mpaka 2040. Zolinga zake ndi zitatu: odwala 60 pa 100 apezeke khansa ili pa gawo loyamba kapena lachiwiri, kupima konse kuthe m'masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika kuchipatala, ndipo 80 pa 100 amalize chithandizo. Ndondomekoyi siikakamiza mayiko osauka kuyamba ndi mammogram, ndipo zimenezi n'zomveka. Kujambula amayi athanzi miyandamiyanda n'kopanda phindu ngati amene ali kale ndi chotupa chogwirika akudikira miyezi 8.

Njira yotsika mtengo ndiyo kupimidwa ndi manja a munthu wophunzitsidwa. Ku Mumbai m'dziko la India, chipatala cha Tata Memorial chinatsatira amayi oposa 150,000 kwa zaka 20, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinasonyeza kuti kupima kotere kumathandiza kupeza khansa isanakule, ndipo kunachepetsa imfa ndi pafupifupi 30 peresenti mwa azaka 50 kupita m'tsogolo. Ku Lilongwe amayi wamba anaphunzitsidwa ntchito yomweyi, ndipo anapima anzawo 1,000 amene anabwera kuchipatala pa zifukwa zina. Zimene ankapeza zinkagwirizana kwambiri ndi za madokotala, ndipo okayikitsa ankatumizidwa kukapimidwa mokwanira.