Kujambula usiku ndi drone: gwero la timadontho pa chithunzi

Chithunzi cha mzinda chojambulidwa usiku ndi drone kawirikawiri chimaonetsa magetsi bwinobwino, koma thambo ndi malo amdima zimadzaza timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, ngati chawazidwa mchenga. Akatswiri amatitcha noise. Kwa wojambula amene walipidwa kuti ajambule mwambo wausiku, vutoli n'lalikulu chifukwa mwambo subwerezedwa.

Gwero la timadonthoti ndi kuchepa kwa kuwala. M'kamera muli kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamatola kuwala n'kukusandutsa chithunzi. Kuwala kukachepa, timagawo toyandikana ta sensayo sitilandira mlingo wofanana, ndipo kusiyanaku ndiko kumaoneka ngati timadontho. Sensa yaikulu imatola kuwala kochuluka. N'chifukwa chake DJI Mavic 3, imene ili ndi sensa ya 4/3, imajambula bwino mumdima kuposa ma drone okhala ndi sensa yaing'ono.

Pali zinthu zitatu zofunika kuzitchera pamanja. Choyamba ndi ISO. Kuikweza kuchoka pa 100 kufika pa 200 kumawalitsa chithunzi kawiri, koma sikuonjezera kuwala kolowa m'kamera. Choncho ISO ikakwera kwambiri, timadontho timaonekera poyera. Ndi bwino kuyambira pa 100 n'kumakweza pang'onopang'ono pokhapokha njira zina zikakanika.

Chachiwiri ndi shutter, kapena kuti nthawi imene sensa imalandira kuwala. Sekondi imodzi imalowetsa kuwala kochuluka maulendo 30 kuposa 1/30. Vuto n'lakuti drone ili m'malere. Chipangizo chogwira kamera, chotchedwa gimbal, chimachepetsa kugwedezeka, moti kunja kukakhala bata sekondi imodzi kapena awiri amatheka, koma mphepo ikawomba chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino. Magetsi a galimoto zoyenda nawo amasanduka mizere.

Chachitatu ndi aperture, kabowo kolowetsa kuwala. Nambala yake ikachepa, kabowo kamakula. Pa DJI Mini 4 Pro kabowoka n'kosasintha, ka f/1.7, pamene kamera yaikulu ya Mavic 3 imasintha kuyambira f/2.8 mpaka f/11. Usiku wojambula asankhe f/2.8, ndipo achotse galasi la ND limene amaika masana pochepetsa kuwala kwa dzuwa.

Zithunzi zisungidwe mu RAW, imene pa ma drone a DJI ndi DNG, chifukwa imasunga zambiri kuposa JPEG ndipo imakonzeka bwino pa kompyuta. Njira ina ndi kujambula zithunzi zingapo drone ili malo amodzi, kenako n'kuziphatikiza pa kompyuta. Popeza timadontho sitigwera malo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, kuphatikiza zithunzi zinayi kumatichepetsa ndi theka.

Kanema ndiye wovuta kwambiri. Pa zithunzi 25 pa sekondi, shutter singapitirire 1/25, ndipo ambiri amaiika pa 1/50, kotero kukweza ISO kumakhala kosapeweka. Pachifukwachi, ojambula odziwa ntchito amaulutsa drone dzuwa litangolowa kumene, magetsi atayaka koma thambo lisanade bii. Nthawi imeneyi kuwala kumakhala kokwanira, ndipo zotchinga monga mitengo ndi nthambo za magetsi zimaonekabe.