Mtsinje wa Hex: zitsulo ndi khalidwe la nsomba

Hex ndi mtsinje wodutsa ku Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, pakati pa migodi ya platinamu ya Bushveld Complex. Madzi ake amathira m'damu la Bospoort kenako la Vaalkop. Fumbi la m'migodi, madzi otsukira miyala ndi utsi wa ng'anjo zimabweretsa zitsulo monga platinamu, nikelo, kromiyamu ndi kopa mu mtsinjewu. Zambiri zimamira n'kukhazikika m'matope a pansi, ndipo akatswiri a North-West University adazipeza m'matopemo ndi m'matupi a nsomba.

Zitsulozi sizipha nsomba nthawi yomweyo, zimayamba zaisokoneza. Kopa, ngakhale wochepa kwambiri, amaononga mphamvu yonunkhiza. Nsomba ikavulazidwa, khungu lake limatulutsa fungo lochenjeza zinzake, koma yomwe mphuno zake zafa siyimva chenjezolo, imangoyandama poyera mpaka mbalame kuitola. Kopayo amaononganso mzere wa m'mbali mwa thupi umene nsomba imamvera kugwedezeka kwa madzi. Ziwalo zopumira zimachita mamina, nsomba imapuma mofulumira, imadya pang'ono, kukula n'kumachedwa.

Mlamba, womwe Amalawi amaudziwa bwino, umafufuza chakudya m'matope momwemo, choncho umakumana ndi zitsulozi tsiku ndi tsiku. Mphutsi ndi nkhono za pansi nazonso zimazimeza, n'kuzipatsira nsomba zozidya.

Kuloza chala migodi yokha n'kulakwa: zonyansa za m'masuweji a mzinda wa Rustenburg nazo zimalowa mu Hex, n'kuchepetsa mpweya m'madzi.